Zithunzithunzi Zathu pa Khoma la Sukulu

Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 4 ku Lirangwe, anandipereka kwa madamu ake osandifunsa. Anafika kunyumba ali wefuwefu.

"Amayi, Lachisanu mukajambule pakhoma la kalasi yathu. Ndawauza kale amadamu."

"Iwe! Ine wolekeza Sitandade 3?"

"Nanga maluwa a pakhondepa anajambula ndani, nkhuku?"

Zoona, ndikamazira nyumba ndimakongoletsa khoma ndi dothi lakuda ndi lofiira la kudambo. Koma pamaso pa anthu ophunzira ndimachita manyazi.

Anandiuza zimene anaphunzira. Kale ku Japan ndege inaponya bomba la nyukiliya. Moto wake unali woopsa moti pamene panakhala munthu wina pamasitepe panangotsala chithunzithunzi chake pamwala. Ife ndege timaziona zikutsikira ku Chileka, ana n'kumazibayibitsa. Sindinaganizepo kuti ndege ingagwetse chinthu chotere.

Ana anali atalemba ndakatulo za bombalo, madamu n'kufunanso chithunzi pakhoma, koma penti wojambulira kusukulu kunalibe. Anzake anali atayamba kale kumunena mwana wanga kuti ndi wabodza, mayi ake sabwera.

Ndinapita, ndowa ya dothi pamutu, khanda kumbuyo. Ndinaima pafupi ndi khoma osadziwa poyambira, dzuwa la m'mawa likundiwomba kumsana.

"Amayi, musasunthe!"

Mwanayo anatola khala n'kuyamba kulemba motsata chithunzithunzi changa: ndowa, kamutu ka khanda, zonse. Anzake aja anathamangira kukhoma kuti nawonso alembedwe. Wina anaima ndi mwendo umodzi, wina anadziika nyanga ndi zala.

"Iwe, mutu wakowo utithera dothi!" anatero madamu, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Nanenso ndinaseka mpaka kuiwala manyazi.

Ndinamata dothi lakuda m'kati mwa mizereyo mpaka masana. Titamaliza tinabwerera m'mbuyo kuti tione bwino. Phokoso linatha lokha. Pakhomapo tinalipo tonse, koma opanda nkhope.

Mwana wanga anaima pambali pa chithunzi changa n'kulakatula ndakatulo yake ya bomba ija: "Ndowa ilipo, madzi alipo, nanga amayi ali kuti?" Ndinapezeka ndagwira kamwendo ka khanda langa kumbuyoku.

Pobwerera anandinyamulira ndowa, akuyenda monyada ngati wagula minibasi.

"Ndawauzanso a Sitandade 5," anatero. "Khoma lawo ndi lalitali."