Chipewa Chokha Chinabwera

Bambo a Esinati, munandisiya wopanda ngakhale manda oti ndizikasesa. Dzulo kabawi anakantha nkhunda yanga pamwamba pa munda wa nandolo, ndipo nthenga zikugwa ndinamva mawu anu. Mukukumbuka tikusenda nandolo pakhonde, ine ndikuti mphamba ndi kabawi n'chimodzimodzi, zonse ndi mbava? Inu munaseka. "Mayi a Esinati, mphamba imayamba yazungulira, thadzi n'kuona chithunzithunzi, anapiye n'kubisala. Kabawi mapiko ake ngosongoka, amagwa ngati mwala. Umangoona nthenga." Ndinakana, makani anga mukuwadziwa.

Nthawi ya makadi a chipani ija, munapita kumsika ku Mbulumbuzi dzuwa likuswa mtengo. Galimoto inaima, n'kunyamuka nanu. Kunyumba kunabwera chipewa chokha, m'manja mwa mng'ono wanu a Dayisoni, pakamwa pali tseke. Mpaka lero chithunzithunzi chikadutsa pabwalo ndimayang'ana kumsewu, osati kumwamba. Alamu a Dayisoni, kusukulu sindinapondeko, koma sindine chitsiru. Amene munkawaopa aja anatha kufa. Bwerani mundiuze kumene galimoto ija inalowera ndisanatsikire kuli chete.