Mtsikana amene bambo anamukana

Chaka chomwe matenda a shuga anawakula bambo anga, ndinasiya ntchito ku Lilongwe n'kubwerera kwathu ku Kandeu kukawasamalira. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo dimba lawo la mbatatesi linali litagonera.

Mmawa wina kunabwera mtsikana wa ku yunivesite, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Atakhala pamphasa anafotokoza kuti akuchita kafukufuku wofuna kudziwa ngati odwala matenda a mgonagona akumudzi amathandizidwa mofanana ndi a m'tauni. Ine ndinayamba kumuyankha, poti ndinali nditazolowera kuwalankhulira bambo kulikonse.

"Pepani amayi, ndimati ndiyambe ndamva kwa eni ake," anatero. Kenako anatembenukira kwa bambo. "Agogo, mukhoza kuvomera, mukhozanso kukana. Mukakana, mankhwala anu muzilandirabe monga kale."

"Ndakana," anatero bambo. "Ndatopa nako kufunsidwa."

Ndinagwidwa ndi manyazi. Koma mtsikanayo anangothokoza, n'kunyamula chikwama chake, ulendo. Sanawanyengerere ngakhale pang'ono.

Dzuwa litapendeka, bambo anandiitana. "Kodi mwana uja wapitadi?"

"Wapita, bambo."

"Chiyambireni kudwala, aliyense amangondigwira mkono, kundibaya, kundiuza zoti ndidye. Uyu yekha ndiye wamva nditati ayi. Ukamufune."

Ndinakamupeza pamsika sabata yotsatira, ndipo anabweranso. Bambo analankhula mpaka mthunzi unasuntha pakhonde. Anamuuza za ulendo wa kuchipatala pa kabaza, m'mimba mulibe kanthu podikira kuyezedwa magazi. Anamuuzanso kuti mapiritsi amawasiyanitsa ndi zala chifukwa zolemba sazionanso, ndipo akasinthidwa mtundu amachita mantha kumwa. Zimenezi ine sindinkazidziwa. Atafika penapake anati, "Tazimitsani kaye kafoni kanuko." Iye anazimitsa foni yomwe ankajambulira mawu, ndipo zomwe bambo ananena pamenepo sizinatuluke pakhonde pathu.

Mvula itatha, mtsikanayo anabweranso. Anasonkhanitsa onse amene anacheza nawo n'kuwawerengera zomwe anapeza, asanakazipereke kusukulu kwake. Dzina la munthu silinamveke, koma bambo anawazindikira mawu awo, nandigwira bondo. Pena anamudula: "Apo ayi, mwana wanga. Sindinati anamwino ndi oipa. Ndinati ndi ochepa." Iye anakonza pomwepo.

Sindidziwa komwe kafukufukuyo anakathera, ndipo ulendo wa kuchipatala sunafupike. Koma ulendo wotsatira, adokotala akukonza jakisoni, bambo anafunsa, "Ameneyu ndi wa chiyani?" Adokotalawo anakoka mpando n'kuwafotokozera bwinobwino. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pomwe anatisiya, ankadzifunsira okha, ine n'kumangowagwirira ndodo.

Mtsikana uja ndimamuthokozabe, kulikonse kumene ali.