Botolo la Apongozi Anga

Nthudza zimene ndinaphikira jamu uja sindinagule kumsika. Ndinathyola kumanda a kwathu ku Kanyenda, mumtengo wa m'mphepete umene nthambi zake zimagwera kunjira. Aliyense amadziwa kuti za kumanda sadya, n'chifukwa chake zinapsa mpaka kuda bii popanda wozikhudza. Ine ndinacheuka uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, n'kudzaza chitenje.

Ndinaziwiritsa ndi shuga ndi mandimu, kusefa njere, kuthira m'mabotolo, n'kuika mufiriji momwe ndimaumitsira mafilizesi ogulitsa.

Apongozi anga atabwera kudzationa, ndinawapakira pa buledi. Ananyambita chala.

"Amake Zione, nthudza zokoma chonchi mwazipeza kuti?"

"Kumsika, amayi," ndinatero osaphethira, chonsecho amuna awo anagona pansi pa mtengo womwewo.

"Mundisungireko botolo limodzi. Ndidzatenga ulendo wina."

Sanabwerenso. Chisanu chisanathe tinakawaika kumanda komweko. Mtima unkawavuta kuyambira kale, ndipo ndikudziwa kuti jamu sapha munthu. Koma anzanga akuimba nyimbo za maliro, ine maso anali pa nthambi imene ndinakhadzula tsiku lija, itauma, ikulendewera pamwamba pa dzenje.

Botolo lawo likadalimo, pansi pa mafilizesi. Kudya ndikulephera, kutaya ndikuopa. Magetsi akazima limasungunuka n'kumadontha zofiira, ine n'kupukuta msanga bambo a Zione asanaone.

Dzulo Zione analitulutsa, n'kufunsa kuti kodi tidya liti.

"Bwezera momwemo," ndinatero. "Eni ake anati adzabwera kudzatenga."