Chotchinga cha ngolo ya bambo

Ngolo imene bambo anatisiyira ku Wimbe inali ndi chotchinga kutsogolo, choti katundu akaseleleka asagunde ng'ombe. Matabwa analibe bambo. Anatenga malata awiri, pakati n'kuyalapo chiguduli chonyika m'phula wotentha, n'kupanikiza pa jeke yodindira fodya. Chiguduli chimamwa phula, ndiye chikauma, lata ndi ulusi zimasanduka chinthu chimodzi. Chipika chikagunda pankangopindika pang'ono, osang'ambika.

Dzimbiri linachimaliza chotchingacho zaka za makuponi zija. Ngoloyo tinkayendetsa awiri, ine ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, aliyense ndi ng'ombe yake: yanga yakuda, yawo yofiira. Ine ndili ku Chamama pamzere wa feteleza, iwo anakhoma chotchinga china. Chiguduli chawo anachiumira, ati n'cha mabelo a fodya. Anaikamo matumba a feteleza, apulasitikiwa, poti anali mbwee pakhomo lililonse.

Nditagogoda chinalira ngati chitini chopanda kanthu.

"Alamu, n'chiyani ichi? Phula sagwira pulasitiki. Izi zangogundana, sizinagwirane."

"Mwayambatu, a Fomu Folo. Thumba lonyamula feteleza osang'ambika likanike kukhala phee pakati pa malata?"

"Kulimba kwake n'kwachabe ngati likuterera m'katimo!"

Ndinakalipa mpaka mlongo wanga anatuluka. "Achimwene, anthu akumva." Ndinachimenya chibakera chotchingacho n'kuchoka. Kuchiphwasula sindikanatha, chiguduli changa chinali chitapita ndi fodya ku okushoni.

Kenako tinapita kukatenga mitengo ya chigafa. Potsetsereka polowera kudambo, mtengo umodzi wa bulugama unaseleleka n'kugunda. Malata anasiyana pomwepo. Matumba anasololoka ali oyera, opanda ndi dontho lomwe la phula. Lata lakutsogolo, litatsala lokha, linang'ambika n'kudula mtsempha wa mwendo wakumbuyo wa yakuda ija.

Inagwada osalira, kumangondiyang'ana. Tinaiphera pomwepo m'dambomo. Alamu ndiwo anagwira mpeni. Anthu amene anabwera kudzaona anadikira kuti ndiwatukwane alamuwo, koma mawu onse ndinali nditawamaliza tsiku lija ndinagogoda.

Ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Feteleza wa chaka chimenecho ndinamututa panjinga, thumba limodzilimodzi, dzuwa likuswa mtengo. Yofiira alamu anadzaigulitsa. Goli likadali pamwamba m'chigafa, chiswe chikulidya.