Mateyu Afunsira Mkazi Wamasiye wa Mateyu

Inu amene mukuti zinthu zakukanikani, tamvani za Mateyu wa ku Golomoti, munthu amene anafika kwawo n'kuuzidwa kuti anamwalira chaka chatha.

Munali mu 1969, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mateyu anatsika sitima pa siteshoni ya Golomoti atanyamula kachikwama kudzanja lamanzere. Lamanja analibe. Linatsala ku Joni, pansi pa mgodi, kuyambira pachigongono.

Mayi wina wogulitsa malambe atamuona anasiya dengu n'kuthawa. Mateyu anaganiza kuti ndi chifukwa cha dzanjalo. Anapatsa moni bambo wina amene anaphunzira naye kusaka mbewa. Bamboyo anatapa dothi n'kumuwaza nalo kumaso, kenako anaima kudikira kuti aone ngati azimiririke.

Nkhani yake inayenda chonchi. Tsiku lina Mateyu akuboola thanthwe ndi makina, mwala unagumuka n'kumuphwanya dzanja. Anakomoka. Anzake anamumanga lamba pamkono kuti magazi asiye kutuluka, namutulutsa pa machila. Kunja kunali chisanu cha Juni, choncho anamufunditsa bulangete mpaka kumutu.

Dyson, mnzake wa kwawo, anazindikira jombo zimene zinatulukira kumapazi. Kwathu kuno, munthu akafunditsidwa mpaka kumutu sitifunsanso kuti akupeza bwanji. Dyson sanafunse. Kontirakiti yake inkatha mlungu womwewo, ndiye anatenga jekete ya Mateyu n'kubwera nayo kumudzi pamodzi ndi uthenga wa maliro.

Mateyu anatsitsimuka m'chipatala cha pamgodi, dokotala atadula kale dzanjalo. Atachira anamupatsa ntchito yosesa m'komboni. Kumudzi sanatumizeko mawu. Iye anali mkamwini, wokhala kwawo kwa mkazi, ndipo mkamwini amadziwika ndi khasu. Akanati chiyani?

Kumudziko zonse zinachitika mwa dongosolo. Anaika jekete ija m'manda pamodzi ndi thunthu la nthochi. Anameta. Mowa unaphikidwa, ndipo abale a Mateyu anasudzula mkazi wake Nyamazizi, kumumasula kuti akhoza kukwatiwanso.

Woyendetsa zonsezi anali a Pius, malume ake a Nyamazizi, mwini mbumba. A Pius anakhalapo mesenjala ku boma kwa kanthawi, ndipo chichokereni kumeneko sanavulepo jekete ya kaki, ngakhale pa kutentha kwa Golomoti kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

"Takulandirani," anatero a Pius Mateyu atafika pakhomo, iwo atakhala patali ndithu. "Koma inuyo mwabwera ngati ndani?"

"Ngati Mateyu, apongozi. Mkamwini wanu."

"Mateyu tinaika. Amene anayankhula pamanda ndine. Analira ndi a Felix omwe, munthu amene sanagwetse msozi pa maliro a mayi ake."

"Nanga ine ndine ndani?"

"N'zimene tikufunsanazi."

Akuluakulu anakumana. Ena anati kusudzula sikubwezedwa. Ena anati sungasudzule mkazi wa munthu wamoyo. Ena anafunsa kuti nanga mowa uja tinamwera yani. Ankhoswe a Mateyu anati iwo ntchito yawo anamaliza bwinobwino, asawabwezere m'mbuyo. Panalibe amene anaonapo mlandu wotere, choncho anabalalika atangogwirizana chimodzi, chakuti nkhaniyi ndi yovuta.

Chimene chinaivutitsa kwambiri n'chakuti a Pius anali atalandira kale mawu a a Justin, mwini golosale wa ku Mtakataka, munthu wa manja awiri ndi njinga. Anapangana kuti ukwati udzachitika anthu akathyola thonje.

Mateyu anakumana ndi Nyamazizi panjira ya kuchitsime.

"Amake Enifa, ndine ndemwe."

"Ndakuonani," anayankha mkaziyo osatula ndowa. "Mwala unadula dzanja. Kodi unadulanso pakamwa? Ku Joni konseko kunalibe munthu woti mumutume?"

"Ndinkachita manyazi."

"Manyazi anuwo anandimetetsa ine mpala."

Anadutsa. Mateyu anatsala ataima, osadziwa ngati wasiyidwa ukwati, ngati ndi mbeta, kapena ngati ndi mzimu umene wasochera.

Anakakhala kwa mlongo wake Hilda, tsidya lina la mtsinje. Anthu atazolowera anayamba kumupatsa moni. "Mwadzuka bwanji, malemu?" Poyamba ankakwiya. Kenako anayamba kuyankha kuti wadzuka bwino, kaya iwo amoyo.

Mvula isanagwe anapempha Hilda kachigawo ka munda. Linali dothi la makande, lija louma ngati njerwa m'chilimwe, lomata ngati phula m'dzinja. Anadula chubu chakale cha njinga, namangirira mpini wa khasu ku mkono wodukawo, lamanzere likugwira kutsogolo.

Tsiku loyamba khasu linapulumuka n'kutsala pang'ono kupha mbuzi ya eni. Mlungu woyamba usanathe, chilonda chinatseguka. Anayenda wapansi mpaka ku chipatala cha ku Mua, kumene asisitere anamutsuka, kumumanga, n'kumuuza kuti apume. Anavomera mwaulemu. Atafika kunyumba anafupikitsa mpini, anakulunga mkono ndi nsanza, nabwerera kumunda.

Mizere yake inali yokhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Odutsa ankaima n'kumaseka. Koma mbewu ya thonje sifunsa kuti mzerewu anaunga ndani. Inamera.

Lamulungu lililonse ankaoloka mtsinje kupita kwa a Pius. Ankakhala pansi, ndipo poti kuwomba m'manja kumafuna manja awiri, ankadziguguda pachifuwa.

"Apongozi, ndabwera ndi nkhani yomwe ija. Ndikufuna banja langa."

"Nkhani imeneyo ikadali patebulo," ankatero a Pius, amene m'nyumba mwawo munalibe tebulo.

Mateyu ankathokoza n'kubwerera. Lamulungu linalo, yemweyo. Mtsinje utadzaza ankaoloka malaya ali pamutu. Nyamazizi ankamva zonsezi ali kuseri kwa nkhokwe.

Thonje litayamba kuphulika, munda wokhota uja unayera mbuu. Tsiku lina Nyamazizi anadzera komweko, ngakhale kuti sinali njira ya kulikonse kumene iye akanapita. Anaima m'malire.

"Mizere yokhota," anatero.

"Yokhota ndithu."

"A Justin akutumiza ankhoswe awo Loweruka." Kenako Nyamazizi anaonjeza kuti, "Munthu wofuna mkazi amatuma nkhoswe. Sabwera kumadzalondola ngati mbuzi yake yasochera."

Mateyu anaganizira mawuwo mpaka dzuwa kupendeka. Sanali munthu wofulumira kumva, koma akamva ankamva.

Loweruka pabwalo la a Pius panafika magulu awiri. Ankhoswe a a Justin anabwera ndi mwini wake, atavala tayi. Enawo anali a Silvesta, amuna ake a Hilda, atakwapatira nkhuku, Mateyu ali pambuyo.

"Ife tamva kuti pakhomo pano pali mbeta," anatero a Silvesta. "Mayi wamasiye, wosudzulidwa bwinobwino. Tili ndi mnyamata wathu, mlimi wa thonje. Tadzafunsira."

A Pius anayang'ana nkhuku, anayang'ana Mateyu, anakonza kolala.

"Munthu angafunsire bwanji mkazi wake yemwe?"

"Mwamuna wake anamwalira, bambo. Tinamva kuti munayankhula bwino kwambiri pamanda."

"Zimenezo ndiye n'zoona," anatero a Pius.

Panakhala phokoso. Ankhoswe a a Justin anati iwo sakumvetsa kuti akupikisana ndi wamoyo kapena wakufa. A Felix anati nawonso sakumvetsa, koma apitirize. Pomaliza a Pius anachita chimene sanachitepo chiyambire nkhaniyi. Anaitana Nyamazizi, mwini nkhani.

Nyamazizi anagwada chapatali.

"Amalume, amuna anga oyamba aja ndinawalira mokwanira. Anali anthu abwino, koma zinthu zikawavuta sankanena. Awa akhala akuoloka mtsinje dzinja lonse kudzanena. Ndalola awa."

A Pius anapumira m'mwamba. Anaona kuti maliro aja sanalakwike, kusudzula kuja sikunalakwike, ndipo iwo sanalakwitsepo chilichonse. Anaimirira n'kuyankhula nthawi yaitali za ubwino wa mkamwini watsopanoyu, amene anati amaposa woyamba uja kutali. A Justin anakankha njinga yawo mawuwo asanathe.

Mateyu anayambiranso ukamwini monga aliyense. Anamanga nyumba ina, analimira apongozi, ndipo Enifa, mwana wake womubereka yekha, anamulera ngati mwana womupeza kufikira mwanayo atasiya kumuthawa. Patapita zaka anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo, n'kumanyamulira anthu thonje kupita nalo kumsika. Anakalamba pakhomo pomwepo, pambali pa Nyamazizi.

Tsono inu amene ngozi yakulandani chiwalo, kapena ntchito, kapena dzina, musakhale kudikira kuti anthu ayambe agwirizana zoti ndinu ndani. Misonkhano yotere siitha. Vuto lanu linenereni kwa amene amakukondani lisanakule, gwirani ntchito ndi chimene chatsala, ndipo ngati pakufunika kuyambiranso pachiyambi, yambiranipo. Osataya mtima mukadali kupuma, ngakhale mudzi wonse utanena zina.