Kabati ya Kubafa Imene Inaliza Kawale

Ndikukumbukira bafa lathu la ku Kawale: makoma a zidina opanda denga, chiguduli pakhomo, pansi mwala woterera ndi ndere. Amayi ankasamba atawerama pa beseni, koma chibadwire mng'ono wanga msana sunkawalolanso. M'mawa uliwonse tinkawamva akubuula kuseri kwa chigudulicho, ndipo bambo zinkawadya mumtima.

Bambo anali openta nyumba. Tsiku lina anabwera kuchokera kumayadi ataona zodabwitsa: kabati ya matabwa ya m'bafa, beseni pamwamba, sopo ndi matawulo m'munsi. Analumbira kuti mkazi wawo adzasamba ataimirira ngati dona. Zoti kwathu kunalibe ngakhale mpopi sanaziwerengere.

Ntchitoyo anaipereka kwa mnzawo wa pabawo, a Gomani, kalipentala wa ku Mchesi. Tsoka lake, a Gomani chiyambire ntchito ankakhoma mabokosi a maliro okhaokha, ndipo manja saiwala chimene anazolowera. Bambo anafuna kabati yaitali kuti pakwanenso ndowa. Inatuluka yotambalala kumapewa, yowonda kumiyendo, vanishi waliwali, zogwirira zagolide uku ndi uku, mkati ataiyalira nsalu yoyera. Bowo la beseni analiboola chakumutu, pamene pamakhala kagalasi koonera nkhope.

Sabata imeneyo bambo anagona ndi malungo, mpaka azimayi a kutchalitchi anabwera kudzawapempherera. Choncho okatenga kabati tinali ine ndi amalume. Anaigoneka pa wilibala n'kuifunditsa chitenje kuti isade ndi fumbi. Tisanapite patali ndinapunthwa chala pamwala, ndiye ndinkatsatira pambuyo ndikulira mokweza.

Anthu a panjinga anayamba kutsika. Azibambo anavula zipewa, minibasi ina mpaka inazimitsa wailesi. Amalume anatukula chifuwa.

"Waona, mphwanga? Katundu wabwino amadzipezera yekha ulemu."

Woyamba kutizindikira anali a Nachisale, oyandikana nafe nyumba. Anayang'ana wilibala, anayang'ana misozi yanga, n'kusenza manja kumutu. Mbiri inathamanga kuposa wilibala. Pamene tinkafika, anyamata anali ataika kale masamba pamsewu, mabenchi akutuluka m'nyumba za anthu, wina akuwaza nkhuni. Amayi, amene ankachokera kuchigayo, anaponya ufa pansi n'kuyamba kudzigubuduza.

Pomwepo chiguduli cha kubafa chinagwedezeka. Bambo, amene tsikulo anapezako bwino n'kupita kukasalaza poika kabati yawo, anatulukira thawulo m'chiuno, thupi lonse mbuu ndi fumbi la simenti. Sindinaonenso anthu akuluakulu akuthamanga chotero. Mkulu wa mpingo analumpha mpanda Baibulo lili kukhwapa.

"Wamwalira ndani?" bambo anafunsa.

"Inuyo, alamu," anayankha amalume, amene zinali zitangowalowa m'mutu.

Bambo sanaseke. Anasenza kabati yawo, anaiimika m'bafa pa njerwa, analowetsa beseni m'bowo lija n'kuitana amayi. Amayi anapukusa mutu.

"Ndisambe pa bokosi ndili moyo? Bola msana undiphe."

Bambo anatuluka m'bafamo. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, osakhudza chakudya, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Koma kutacha, kuseri kwa chiguduli sikunamveke kubuula. Kunamveka madzi kukhavuka, kenako amayi akuimba nyimbo ya kwaya, mutu wawo ukuonekera pamwamba pa khoma. Bambo anamwa tiyi wawo ngati sakumva, ndevu zokha zikumwetulira. Anzathu a pa poloti, amene tinkasamba nawo bafa limodzi, analiopa bafalo, moti mzere wa m'mawa unatheratu.

Lero ndimakhala ku Area 25, bafa lili m'nyumba, ndipo kabati yanga yogula kusitolo inafufuma itangolawa madzi. Ya a Gomani ilipobe ku Kawale, zogwirira zokha n'zimene zinachita dzimbiri. Bambo atamwaliradi, anthu anafika n'kuima duu pabwalo, palibe wofuna kuyamba kulira. A Nachisale, atakalamba ndithu, anayenda ndi ndodo yawo mpaka pabokosi, anavundukula nsalu n'kupapasa chakumutu, kufunafuna bowo la beseni. Sanalipeze. Ndipo m'pamene analira, ife tonse n'kuwatsatira.