Chinsinsi Chomwe Ndinataya Pampopi

Ndikukumbukira tsiku lomwe adada anafika ndi galimoto kunyumba kwathu ku Bangwe, zaka zija matipate atangolowa kumene. Ndinali ndi zaka khumi. Kanali kagalimoto kobiriwira, kotopa, komwe anagula pa okushoni ya magalimoto akale. Kuti kalire kankafuna kukankha, ndipo ntchito imeneyo inagwera achimwene anga a Wongani, omwe anali Fomu 2. Koma kwa ife kanali ndege. Tsiku lomwelo adada, kalaliki wa boma wosalankhulalankhula, analengeza kuti sukulu ikangotsekera tipita kukaona nyanja. Ndinakuwa mpaka agalu a aneba anandiyankha.

Masabata atatu otsatira anali okonza ulendo. Akaweruka kuntchito, adada ankayala mapu a kusukulu patebulo n'kumayeza msewu ndi ulusi wosokera wa amayi: Balaka, Golomoti, Chipoka, Salima, mpaka Nkhotakota, kenako kubwerera. Masiku anayi basi. Mayina amenewa ndinkawaimba posesa, potsuka mbale, ngakhale m'bafa. Petulo ankakwera mtengo mwezi ndi mwezi, choncho china chilichonse chinayenera kuchokera kunyumba. Zogona kuresiti hausi ayi, adada analembera makalata anzawo awiri aphunzitsi kuti adzatibwereke kalasi. Zodya m'malesitilanti ayi, amayi anakazinga mtedza wodzaza chitini, anakonza mbaula, kathumba ka makala ndi zigubu za thobwa. Nyumba yonse inkanunkhira mtedza. Ndiwo tikagula pagombe, poti kumeneko, ankatero adada, chambo amachita kukupatsa ngati moni.

Lamulo linali limodzi, ndipo amayi analinena akuyang'ana ine. "Tiyamike, pakamwa pakopo ndimapadziwa. Za ulendowu asamve munthu."

Ndinapirira masiku awiri athunthu, ndipo mpaka lero ndimadzitama nazo. Tsiku lachitatu tili pamzere wotunga madzi pampopi, mnzanga Esinati anayamba matama kuti amalume ake amugulira nsapato pakaunjika ku Limbe. Nsapato! Ndinatula ndowa pansi, manja m'chiuno, n'kumutchulira matauni onse asanu motsatana, mokweza, kuti amve bwino. Anamvadi bwino, pamodzi ndi azimayi onse amene anali pamzerepo.

Amene anakulira m'mataunishipi zaka zimenezo akudziwa kale chomwe chinatsatira. Galimoto ya neba inali positi ofesi. Aliyense ku Bangwe anatulukira kuti ali ndi m'bale m'njira yathu. Wina anabwera ndi wailesi yoti tikasiye ku Balaka. Mkulu wa mpingo anabweretsa katoni ya mabuku a nyimbo ya ku Golomoti. Kunabwera matayala a njinga, mabeseni a pulasitiki, thumba la zovala za ana, shuga, sopo, ndi makalata oti tikawapereke pamanja. Kukana kunali kosatheka, chifukwa anthu omwewa ndi amene tinkapalako moto, amenenso ankagona pakhomo pathu kukagwa zovuta. Adada ankalandira zonse ndi manja awiri, akumwetulira, akuti kupatsa n'kuika. Mlendo akangotuluka ankatembenuka n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Chinanditonthozako n'chakuti mtolo uliwonse unkabwera ndi mawu akuti, "Mukagone konko, akakuphikirani." Mapulani a makalasi aja anatha okha. Komano katunduyo anadzaza buti, anakwera padenga, n'kudyanso theka la mpando wakumbuyo. Amakaniko a ku Ndirande atabwera kudzaona kagalimotoko anapukusa mutu. Anati masipuling'i ake ndi okalamba, anthu asapitirire anayi. Tinalipo anayi ndendende, ndiye sindinade nkhawa.

Litatsala tsiku limodzi, masana, kunabwera amayi ake a Esinati. Sananyamule kanthu. Anagwada pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti mayi awo ali kayakaya ku Nkhotakota, ndipo ya basi alibe. Matenda sakanidwa. Ndinawerenga ndi zala ndili kuseri kwa chitseko. Adada ndi oyendetsa. A Wongani ndi okankha. Amayi ndi amayi. Wotsala ndinamudziwa asanamutchule.

"Amene anaitana anthu ndi amene atsale," anatero adada mlendo atapita. "Ukakhala kwa azakhali ako ku Machinjiri."

Sanakalipe, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Ndinakalira kuseri kwa nyumba, nditakumbatira jumbo ya zovala yomwe ndinalongedza kalekale. Ndinadana ndi Esinati, nsapato zake, mpopi, ndi lilime langa lomwe.

M'mawa mwake ndinaima pakhonde maso ali otupa, ndikuona a Wongani akumanga zingwe padenga. Amayi ake a Esinati anali atakhala kale kutsogolo. Kenako amayi anatuluka atavala chitenje chawo chogwirira ntchito, ali ndi dengu la mandasi otentha. Anandipatsa dengulo, jumbo yanga ili pamwamba.

"Kwera," anatero. "Ine nyanja ndinaiona kale ndili mtsikana, ndi madzi basi. Nanga nkhuku zangazi adyetsa ndani?"

Ine sindinadikire kuuzidwa kawiri. Ndinalumphira m'kati, ndinadzipanikiza pakati pa mabeseni ndi wailesi, ndipo ndivomere, sindinacheuke n'komwe kuti ndiwabayibitse. A Wongani anakankha, kagalimoto kanatsokomola, ana a m'dera lonse anatithamangira mpaka pamsewu wa tala.

Ulendowo unakoma kuposa mmene ndinkaganizira. Ku Balaka mwini wailesi anatiphera nkhuku. Ku Golomoti anatiimbira nyimbo ya m'mabuku omwe tinawabweretsera. Tikuyandikira Chipoka dzuwa lili paliwombo, ndinaona chinthu chabuluu kuseri kwa mitengo, ndipo ndinafunsa chifukwa chake mtambo wagona pansi. Adada anaseka mpaka anaimitsa galimoto, kuiwala kuti ikazima ndi ntchito ya a Wongani. Ndinathamanga pamchenga wootcha mapazi, ndinalowa m'madzi ndi diresi lomwe, ndinalawa, ndinakuwa. Amayi ake a Esinati anawapeza mayi awo ali moyo. Titabwerera ndinawafotokozera amayi anga zonse sabata yathunthu. Ankandifunsa mmene mafunde amamvekera, ngati mchenga wa kunyanja umafanana ndi wa mumtsinje, ndipo ine ndinkaganiza kuti akundiyesa ngati ndinaonetsetsa.

Masiku ano ana anga amakonza ulendo wotere pafoni, theka la ola latha. Malo ogona amasankha pazithunzi, katundu anthu amatumiza pabasi, ndipo aneba amadziwa kuti tinachoka akaona zithunzi tabwerako kale. Palibe amagogoda ndi beseni. Zinthu zapepuka, koma m'galimoto mwathu mumakhala malo otsala omwe palibe amawapempha, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni pang'ono.

Malo otsala amenewa ndi omwe anandichititsa kuti tsiku lina ndikawatenge amayi ku Bangwe, imvi zili mbuu, tipite ku Salima. Titafika anavula nsapato n'kuzigwira m'manja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka madzi anawakhudza zala za kumapazi, ndipo anaima chilili.

"Kodi kutsidya kulibe?" anafunsa.

"Amayi, si paja munati munaiona kale muli mtsikana?"

"Ndikanaionera kuti, mwana wa ku Chiradzulu ine? Ndinangoona kuti ukatsala ufa nako kulira."

Anadikira zaka zoposa makumi awiri chifukwa cha pakamwa panga, osandikumbutsa ngakhale tsiku limodzi. Ndinalira pomwepo anthu akuona, ana anga akudabwa, amayi akundiseka, madzi atawafika m'mawondo.